Yankho kwa mayi amene akufuna kuitanitsa Sienta: msonkho wapachipata amaulipira ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina ku Kasungu. Mayiwa asunga ndalama kwa zaka zinayi kuti aitanitse Toyota Sienta ku Japan, koma atawerengetsa za msonkho mtima wawagwa. Funso lawo ndi ili: "N'chifukwa chiyani timalipira msonkho waukulu chonchi pa galimoto, chikhalirecho kuno sitipanga ngakhale imodzi? Kodi tikanakhala ndi fakitale yathuyathu, galimoto sizikanatchipa?"

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri ndisanayambe kulemba, chifukwa yandikumbutsa miyezi imene sindiikonda kuikumbukira. Mu April 2022 ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana zogula galimoto yathu yoyamba. Tinali titatopa ndi kudzuka mbandakucha kukadikira minibasi ndi ana awiri, ndipo apongozi anga, amene ankadwala miyendo, ankafunika kupita nawo kuchipatala mwezi uliwonse. Ndinapeza kagalimoto ka injini yaing'ono pa intaneti, ndinalipira kudzera ku banki, ndipo ndinalemba m'kope ndalama zonse zimene ndinkayembekezera kuwononga: ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, ya padoko, ya dalaivala wodzaiyendetsa kudutsa ku Mbeya mpaka pa Songwe, ya ejenti, ndiponso ya msonkho. Kopelo ndinkalitsegula pafupifupi usiku uliwonse, ndipo masamu ake ankatheka ndithu.

Kumapeto kwa May, sitima ili pakati pa nyanja, banki yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Poyamba sindinade nkhawa, poganiza kuti galimotoyo ndinali nditalipira kale. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtengo wa galimoto umalembedwa m'madola, ndipo pouwerengera msonkho amausintha kukhala makwacha potengera mmene ndalama ikusinthidwira pa nthawi yoombolayo, osati pa tsiku limene munagula. Ndalama za padoko ndi za dalaivala nazonso zinakwera tsiku lomwelo. Ejenti amene ndinamupeza anandiuza mochedwa, galimoto itaima kale pachipata ndi nambala yake yongoyembekezera ya paulendo, ya IT, ndipo tsiku lililonse limene inkakhala pamenepo linali ndi mtengo wake. Tinagulitsa matumba a chimanga amene tinasungira chakudya cha chaka chonse, tinakongolanso ndalama kwa mlamu wanga, ndipo ngongoleyo tinaimaliza patapita miyezi isanu ndi iwiri. Amene anaitanitsa galimoto chakumapeto kwa 2023 anaona zoposa zanga, chifukwa mu November chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Usiku wina pa Songwe, ndikudikira mapepala, ndinakhala pansi ndi kopelo kuti ndimvetse chifukwa chimene msonkho umakulira chonchi. Misonkho ya galimoto si umodzi ayi, ndipo imakwerana pamsana. Pa nthawi imeneyo ankayamba ndi mtengo wa galimoto kuphatikiza inshuwalansi ndi mtengo wonyamulira, n'kuikapo dyute. Pa zonsezo ankaikapo msonkho wa excise, umene umakula malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto. Pamwamba pa zonsezo ndiye pankabwera VAT ya 16.5 peresenti. Tiyerekeze kuti galimoto yafika pa mtengo wa K100. Dyute ya 25 peresenti ikuifikitsa pa K125. Tikangoyerekeza kuti excise ndi 30 peresenti, yafika pa K162.50, ndipo VAT ikuikankhira pafupifupi pa K189. Mukuona kuti mukulipira msonkho pa msonkho unzake, ndiponso mukulipira msonkho pa ulendo wautali wa sitima umene simunausankhe.

Gawo loyamba la funso lanu lili ndi yankho losavuta, ngakhale kuti ndi lowawa. Msonkho wa galimoto kuno suteteza fakitale iliyonse, chifukwa fakitaleyo kulibe. Ntchito yake ndi kubweretsa ndalama m'thumba la boma kudzera ku MRA, komanso kuchepetsa madola amene amatuluka m'dziko, pakuti madola omwewo ndi amene timagulira mafuta, feteleza ndi mankhwala. Zifukwa zimenezi ndi zomveka, ndipo sindikuzinyoza. Chimene ndimakana ndi maganizo akuti msonkhowu umagwera anthu olemera okha. Sienta zambiri zimene mumaziona m'misewu yathu si za anthu opita kokasangalala, ndi zimene zikunyamula anthu ndi katundu kumene minibasi sizifika. Mwini wake akalipira msonkho pachipata, amaubweza pang'onopang'ono kuchokera kwa mayi wonyamula dengu la tomato, ndipo mayiyo amaubweza kuchokera kwa inu mukamagula mulu wa tomato pamsika. Munthu amene sanagwirepo chiwongolero amalipira nawo msonkho wa galimoto.

Gawo lachiwiri ndi limene landichititsa kulemba zambiri chonchi, chifukwa inenso kale ndinkakhulupirira kuti chinthu chopangidwa pakhomo chiyenera kutchipa. Malume anga anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina yopanga nsalu ku Blantyre. Kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zitadzaza m'misika, ntchito inawathera, ndipo anabwerera kumudzi ndi makina osokera amene sanawapindulire kwenikweni. Mpaka kumwalira kwawo ankanena kuti boma likanatseka zipata, iwo akanapuma pa ntchito mwaulemu. Ndinakula ndi mawu amenewo, ndipo sindiwatenga mopepuka, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene kutha kwa ntchito imodzi kunasokonezera sukulu ya ana asanu. Koma zimene zachitika m'mayiko amene amapangadi galimoto zandikakamiza kuvomereza kuti msonkho ukhoza kusunga ntchito, koma sungatsitse mtengo.

Taonani ku America. Mu January 2018 boma la Donald Trump linaika msonkho pa makina ochapira zovala ochokera kunja, pofuna kuteteza makampani ngati Whirlpool. Akatswiri a zachuma a ku Federal Reserve (banki yaikulu ya ku America) ndi University of Chicago atafufuza, anapeza kuti mitengo ya makinawo inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Sikuti anakwera ndi akunja okha ayi, opangidwa ku America komweko anakweranso, chifukwa wopikisana naye akakwera mtengo, iwenso umapeza mpata wokweza. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti makina oumitsira zovala, amene analibe msonkho uliwonse watsopano, anakweranso mofanana, popeza anthu amagula ziwirizi pamodzi. Samsung ndi LG anatseguladi mafakitale ku America ndipo ntchito pafupifupi 1,800 zinapezeka, koma ogula analipira ndalama zoposa madola 800,000 pa chaka pa ntchito iliyonse.

Pa galimoto nkhani ndi yovuta kuposa pamenepo, chifukwa galimoto imodzi imakhala ndi tizipangizo pafupifupi 30,000, ndipo palibe dziko limene limapanga tonse. Mu April 2025 America inaika msonkho wa 25 peresenti pa galimoto zakunja, mwezi wotsatira n'kuuikanso pa zipangizo zake, ndipo mu June msonkho wa zitsulo ndi aluminiyamu unafika pa 50 peresenti. Amene anayamba kulira ndi makampani a ku America omwewo amene ankati akutetezedwa. General Motors inalengeza kuti misonkhoyi iwawonongetsa madola pakati pa 4 ndi 5 biliyoni m'chaka chimodzi, mwa zina chifukwa zipangizo zawo zimawoloka malire a Mexico ndi Canada kangapo galimoto isanathe kupangidwa. Ndalama zotere kampani ikhoza kuzisenza yokha kwa miyezi ingapo, koma pamapeto pake zimafika kwa wogula.

Pafupi ndi ife pali South Africa, imene imapanga galimoto pafupifupi 600,000 pa chaka: Toyota ku Durban, Volkswagen ku Kariega, Mercedes-Benz ku East London, BMW ku Rosslyn ndi Ford ku Silverton. Dzikoli limaika dyute ya 25 peresenti pa galimoto zatsopano zakunja, ndipo sililola kuti galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zilowe n'kumagulitsidwa m'dzikomo. Galimoto za ku Japan zimatsika pa doko la Durban n'kupitirira kumayiko oyandikana nawo, koma mphunzitsi wa ku Durban komweko sangagule. Abale athu amene ali ku Joni akhoza kukuuzani kuti galimoto yakale kumeneko si yotchipa. Mafakitale aja akulemba anthu ambiri ntchito, zimenezo n'zoona, koma ena mwa malipiro awo amachokera m'thumba la ogula a m'dziko lomwelo. Australia inasankha njira ina. Inatsitsa msonkho wake kuchoka pa 57.5 peresenti m'zaka za m'ma 1980 kufika pa 5 peresenti mu 2010, anthu anayamba kugula galimoto zamitundumitundu pa mtengo wabwino, koma Ford inatseka fakitale yake mu 2016, ndipo Toyota ndi Holden zinatseka mu 2017. Kumeneko kulinso mabanja ngati la malume anga.

Nanga fakitale ikanakhala ku Kanengo?

Apa ndiyankhula mosabisa: galimoto yake ikanakhala yodula kuposa Sienta yanu ndi misonkho yake yonse. Zitsulo, injini, magalasi ndi zipangizo zamagetsi zikanachokera kunja, zikanalipiridwa ndi madola amene akusowa kale, ndipo zikanayenda pamsewu kapena panjanji kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Fakitale yowotcherera zitsulo ikanayendera jenereta ya dizilo, amene naye ndi wakunja. Ngongole ya kubanki ikanakhala ndi chiwongoladzanja choposa 26 peresenti imene banki yaikulu inaika mu 2024. Choposa zonse, fakitale ya galimoto imatchipitsa katundu wake ikamapanga zambirimbiri, pamene anthu ogula galimoto yatsopano kuno ndi ochepa kwambiri. Kuti fakitale yotereyi ikhale ndi moyo, boma likanayenera kuletsa galimoto za ku Japan monga anachitira a South Africa, ndipo inu mayi simukanalota n'komwe zogula galimoto ndi malipiro a uphunzitsi. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akunena kuti tikweze msonkho kuti tiyambe kupanga zathu, osatchula magetsi, njanji ndi chiwongoladzanja. Zimenezi ndi zimene zimadulitsa sopo, simenti ndi mafuta ophikira zopangidwa kuno, ndipo msonkho wapachipata suchotsa ngakhale chimodzi mwa izo. Umangochotsa katundu wotchipa amene wosauka akanathawirako.

Tsono za Sienta yanu. Musatumize ndalama ku Japan musanafunse ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka kuchuluka kwa msonkho wa galimoto yeniyeniyo, potchula mtundu, chaka ndi kukula kwa injini, ndipo akulembereni papepala, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti. Sankhani injini yaing'ono komanso galimoto yosakalamba kwambiri, ngakhale ikhale yodulirapo ku Japan. Yerekezani chiwerengero chonsecho ndi mtengo wa galimoto yofanana nayo imene yaomboledwa kale kuno, pakuti nthawi zina kusiyana kwake n'kochepa ndipo imeneyo mukhoza kuiona ndi makaniko wanu. Mukasankhabe kuitanitsa, sungani padera ndalama zosachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene mwawerengera pa msonkho, padoko ndi pa ulendo, ndipo musazikhudze mpaka galimotoyo itadutsa pa Songwe.