Bambo ake a William mufilimu ija ndi akuti?

Sabata yatha mchemwali wina wa ku Kasungu ananditumizira imelo, akuti kodi bambo uja anasewera ngati Trywell, bambo ake a William Kamkwamba, mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ndi Mmalawi wokhala kunja kapena bwanji, poti Chichewa chake chimamveka chokhota pena ndi pena.

Achemwali, si Mmalawi ayi. Mkuluyu ndi Chiwetel Ejiofor, anabadwira ku London mu 1977, makolo ake ndi a ku Nigeria, mtundu wa Igbo. Zipsera mukuziona pachipumi pakezo si zopenta ayi, ali ndi zaka 11 anachita ngozi ya galimoto ku Nigeria komweko, bambo ake omwe anali dokotala anamwalira pangoziyo iye n'kupulumuka.

Ambiri timamudziwira m'mafilimu koma ine ndimati munthuyu ndi wa zisudzo za pasiteji kaye, kamera inachita kumupeza. Anayamba ali mnyamata ku National Youth Theatre, kenako analowa sukulu ya zisudzo ya LAMDA koma sanamalize chifukwa Steven Spielberg anamutenga kukasewera mu Amistad ya 1997, ndipo mbali imene anamupatsa inali ya womasulira. Pambuyo pake sanaisiye siteji. Mu 2007 anasewera Othello, sewero la Shakespeare, ku Donmar Warehouse ku London, kaholo kakang'ono komwe oonera amakhala pafupi kwambiri moti ukangonama ndi nkhope aliyense waona, Ewan McGregor ali Iago, ndipo chaka chotsatira anapata mphoto ya Olivier, ya zisudzo za pasiteji ku Britain. Mu 2013 anaseweranso ngati Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, ku holo ya zisudzo ya Young Vic.

Chaka chomwecho ndi chimene kunatuluka 12 Years a Slave, iye ali Solomon Northup, munthu mfulu yemwe anabedwa n'kugulitsidwa ukapolo. Muli malo ena omwe sayankhula kanthu, amangoyang'ana basi, koma iwe woonera misozi ili mbwee. Mphoto ya mafilimu ya BAFTA anatenga, Oscar inamuphonya inapita kwa Matthew McConaughey, ine mpaka lero zimandiwawabe. Za Marvel zija, Mordo mu Doctor Strange, ndi mawu a Scar mu Lion King ya 2019, ana anu akuuzani bwino kuposa ine.

Tsopano za Chichewa chija. Zoona, sichimveka ngati cha ku Wimbe, kwawo kwa William, mawu ena amawakoka molakwika ndipo khutu la munthu wa ku Kasungu silingaphonye zimenezo. Komanso mwana anasewera William uja, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndiye Chichewa chenicheni mumachimva akamayankhula Lily Banda, Mmalawi yemwe anasewera ngati mchemwali wake wa William. Koma taganizani, filimuyi anailemba ndi iyeyo kuchokera m'buku la William, anaiwongolera yekha, filimu yaitali yoyamba kuiwongolera m'moyo wake, akanatha kungoijambula dziko lina aliyense akuyankhula Chizungu ndipo kunjako palibe akanadandaula. M'malo mwake anabwera ku Kasungu konko, anaphunzira chiyankhulo chathu ali munthu wamkulu kale, njala ija ya 2001 ndi 2002 n'kuionetsa mmene inalili, Gule Wamkulu ali momwemo. Itafika pa Netflix mu Malichi 2019 ndinaionera kawiri, kachiwiriko ndinazimitsa timawu tapansi tija kuti ndimve ngati ndingamutsatire bambo Trywell akukalipira mwana wake za njinga, ndipo ndinamumva bwinobwino.