Ndalama za nyumba zikuthera pa foni

Funso: Ndimagwira ntchito m'sitolo ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg (Joni), ndimalandira R5,500 pamwezi. Ndikufuna kumanga nyumba kwathu ku Mangochi, kugula minibasi komanso kutsegula golosale, koma mwezi ukatha m'thumba muli mbee. Ndiyambe bizinesi yanji yobweretsa ndalama msanga? Ndine wanu wa ku Mayfair.

Yankho: Achimwene, za bizinesi tiziike kaye pambali. Nyumba, minibasi ndi golosale, zonsezo pa R5,500? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa zitatuzi palibe n'chimodzi chomwe chimene mwachiikira mtengo kapena tsiku. Sankhani nyumba, ndipo muidule m'zigawo. Munene kuti pofika mwezi wakutiwakuti ndikhale nditagula malata okwanira zipinda zitatu. Imbirani sitolo ya zomangira ku Mangochi mufunse mtengo wa lata limodzi, mulembe m'kope.

Tiwerengere limodzi. Lendi ya chipinda tinene R1,500. Chakudya, magetsi ndi mayunitsi R1,800. Za takisi musandiuze, kuchoka ku Mayfair kupita ku Fordsburg ndi ulendo wapansi. Pakutsala R2,200. Ikupita kuti? Simunalembe, koma makalata otere ndawaona ambiri: ikupita kumudzi kudzera pa Mukuru, pang'onopang'ono, foni ikangolira.

Apa ndiye pamene ambirife tikugwera kuno ku Joni. Lero mlongo wanu akufuna fizi, mawa amalume njinga yathyoka, mkuja mlamu akuti mumuthandize mpamba wa usipa. Aliyense amapempha zochepa ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Iwo sadziwa kuti mumaima tsiku lonse m'sitolo, amangodziwa kuti muli ku Joni. Sindikuti muwataye abale, ayi. Koma ikani malire inuyo, asakuikireni ndi iwo. Amayi muziwatumizira R700 tsiku limodzi lodziwika pamwezi, ndipo onse adziwe kuti ndalama yatuluka kamodzi basi. R300 ikhale ya maliro ndi matenda. Wopempha kunja kwa zimenezi mumuyankhe mwaulemu kuti mwezi uno zatha. Adzadandaula miyezi iwiri, kenako adzazolowera. Feteleza si ngozi yadzidzidzi, amafunika chaka chilichonse mvula isanagwe, ndiye muzimukonzekera kudakali nthawi.

Yatsala R1,200. Pa miyezi 10 ndi R12,000. Imeneyo ndiyo nyumba yanu, ndipo isakhudzidwe.

Musaitumize kumudzi kuti wina akusungireni. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amene anasungitsa makwacha anadzuka ndalama yawo ikugula malata ochepa. Komanso ndalama yosungitsa kwa m'bale imasanduka ngongole yosabwezedwa, ndipo kuifunsa kumabala udani. Sungani m'marandi, kubanki ngati mapepala anu akulola, kapena m'chipereganyu cha anthu amene mumadziwa kumene amagona. Tsiku logula likakwana, lipirani kusitolo mwachindunji, ndipo risiti ndi chithunzi cha malatawo zibwere pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Kwa mashonisa musapiteko kuti muthamangitse ntchitoyi. Ndi katapila yemweyo wa kwathu: ena mukatenga R1,000 amafuna R1,500 pakutha pa mwezi, ndipo R1,200 yanu ija yatheratu. Malata akafika, mundilemberenso tikambe za simenti.