Kwa achimwene amene akukwapulidwa ndi amadala pa squash

Achimwene, mwati mwasewera squash chaka chathunthu koma amadala aku kalabu akukukwapulanibe 3-0 ndipo pofika gemu yachitatu mpweya umakhala utakutherani, nde mukufunsa kuti mutani. Inenso ndinadutsa momwemo, musataye mtima chonde.

Yambani mwaona bola yomwe mukumenya. Ambirife timathamangira ya madontho awiri achikasu poti ndi yomwe timaona akatswiri ngati Ali Farag wa ku Egypt akumenya pa YouTube, koma bola imeneyo imafuna itenthe kaye kuti izidumpha, nde ngati inu mukungomenyerana katatu kanayi poyinti nkutha siitentha olo pang'ono, makamaka mu June ndi July chiperoni chikatsika khoti limazizira bola nkumangoti phwa pansi ngati mkute. Gulani ya dontho limodzi lachikasu kapena lofiira, palibe chamanyazi.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi, amadala aja sakukuposani mphamvu ayi, akukuposani pomwe akuika bola. Muwayang'anitsitse tsiku lina, amakhala aima pa T penipeni, pomwe mizere yapansi imakumana chapakati pa khoti, inu ndi amene mukuzungulira makona onse anayi, ndi chifukwa chake mukutopa. Khoti ndi lalitali mamita 9.75, bola yanu ikamathera pakati ndiye kuti mwawapatsa dala. Siyani kumenya mwaukali chammunsi, zambiri zimakathera pa tin basi, kachigawo kammunsi mwa khoma lakutsogolo komwe bola ikagunda mwaluza poyinti. Menyani chammwamba pa khoma lakutsogolo, pamwamba pa mzere wa sevisi, womwe ndi mzere wapakati pa khomalo, bola iziyenda motsatira khoma lammbali mpaka ikafere kukona yakumbuyo, munthu akapita kukaitola inu mwabwerera kale pa T, maso ali pa bola osati kukhoma lakutsogolo.

Zimenezi simungaphunzire mu gemu, mumafunika kulowa mu khoti nokhanokha. Ku Blantyre Sports Club kuli makhoti, pezani nthawi yomwe anthu achepa, mphindi 30 zokha kawiri pa sabata, muzingomenya yotsatira khoma nkumawerenga kuti zingati zadutsa bokosi la sevisi, momwe mumaima poyambitsa poyinti, osaphonya, kenako mutembenukire ku backhand, mbali yakumanzere ngati mumamenya ndi dzanja lamanja, komwe ambiri timakuthawa. Ine nditayamba ndinkalephera kufika 5 motsatizana, patatha miyezi iwiri ndinkafika 20 ndipo anthu omwe ankandigonjetsa anayamba kuvutika nane.

Za mpweya pangani ghosting, raketi mmanja popanda bola, kuchoka pa T kupita kukona iliyonse nkubwerera, mphindi imodzi, kupuma, kubwerezanso. Zimawawa mmiyendo koma zimathandiza kuposa kuthamanga mu Chipembere Highway, poti squash ndi yonyamuka ndi kuima mwadzidzidzi.

Magalasi oteteza maso gulaninso, bola ija ndi yaing'ono imakwana bwinobwino mudiso.

Mukatha gemu ndi amadalawo musamangonyamula chikwama nkumapita, afunseni kuti bwana mwaona ndikulakwitsa pati, ambiri amakonda kufotokoza ndipo ena amabwereranso nanu mu khoti kukakuonetsani kagwiridwe ka raketi.