Mpongozi wandiletsa kuona mdzukulu: kodi lamulo lingandithandize?

Agogo ena a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe anditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna adamwalira, ndipo chichokereni pamaliro mpongozi sakuwalola kuona mdzukulu. Akufunsa ngati angapite kukhoti.

Pepani agogo, funso lanu landikhudza mtima. Inde mungapite, koma mudziwiretu kuti khoti siliyang'ana misozi yanu, limayang'ana mwanayo. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ubwino wa mwana ndiwo uyenera kutsogola. Ndipo gawo 8 la lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera kupempha khoti la ana kuti azionana ndi mwana nthawi ndi nthawi. Inu ndinu wachibale, khomo silinatsekeke.

Koma apa ndilankhule mosapsatira. Mpongozi satseka geti popanda chomwe chidachitika. Nthawi zambiri mkangano umayambira pasiwa pomwe: akuchimuna atenga makiyi a nyumba, firiji yakwezedwa pa lole, wamasiye akunenedwa kuti ndiye wapha mwamuna. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 loona za chuma chosiyidwa ndi omwalira, ndipo ngati abale anu adachita zimenezi, yambani mwabweza katunduyo ndi kupepesa. Enanso amaumirira kuti "mwana ndi wathu, magazi athu". Mawu amenewa kukhoti sagwira ntchito, komanso pa Chichewa pathu mwana ndi wa mbumba ya mayi, mwini wake ndi atsibweni. Amene mukuyenera kuwagwira mwendo ndi amenewo.

Tsono muyambire pati?

Itanani ankhoswe a mbali zonse. Zikakanika, pitani ku ofesi yosamalira anthu ya boma la Lilongwe akakuyanjanitseni. Khoti likhale lomaliza, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, kafunseni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Mukapemphe chinthu chooneka: Loweruka limodzi pamwezi, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, kapena sabata imodzi pa holide. Tengani umboni woti mumakondana ndi mwanayo, monga zithunzi, malisiti a fizi, mauthenga a pafoni. Khoti limamvanso maganizo a mwana, choncho musanyoze mayi ake iye akumva. Ndipo chonde musakamutenge kusukulu mwamseri, ngakhale mtima uwawe bwanji. Mukatero mwampatsa mpongozi umboni woti mwanayo ndi wosatetezeka m'manja mwanu.