Funsani Anabanda: za chimera, thobwa ndi masese

Takolola, ndipo zinkhoswe, maukwati ndi ziliza zayambika. N'chifukwa chake makalata a mwezi uno ambiri ndi a zofulula. Ndasankhapo asanu.

Anabanda, ndinaphika thobwa la pachinkhoswe cha mng'ono wanga koma linangokhala phala, lolimba, losatsekemera, mpaka ndinathiramo shuga wambirimbiri. Chimera ndinagula pamsika, ndipo ndinathira nditangophula mphika. Chinavuta n'chiyani?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mwana wanga, yankho lili m'kalata mwanu momwemo. Munathira chimera phala likadali lobwata, ndiye munachipha.

Mbewu ikamamera imapanga tinthu tosaoneka ndi maso timene asayansi amati ma enzyme. Ntchito yake ndi kusungunula ufa uli m'njere kuti usanduke shuga wodyetsa mphukira. Ife ofulula timangobwereka mphamvu imeneyo: timaanika mbewu itangomera, kuisinja, n'kuithira m'phala kuti ichite ku ufa wathu zomwe ikanachita ku ufa wake. Tinthuti timagwira ntchito bwino phala likakhala lotentha madigiri 60 mpaka 70. Phala lobwata lili pafupi ndi madigiri 100, ndipo pamenepo timafa nthawi yomweyo. Shuga wa m'sitolo angatsekemeretse pakamwa, koma sangasungunule phala limene chimera sichinaligwire.

Mukaphula, muzivundula ndi mthiko mpaka nthunzi ichepe. Donthezani pang'ono kuseri kwa dzanja: lizitentha ndithu, koma lisakuwotcheni. Pamenepo wazani chimera pang'onopang'ono uku mukutakasa. Mudzamva nokha m'dzanja. Mthiko umene umalimba kuyenda umayamba kupepuka, phala lija limasungunuka mukuona, ndipo fungo limasintha, limakhala lonunkhira motsekemera. Zimenezi zikapanda kuchitika pakangopita kanthawi, dziwani kuti chimeracho n'chakufa kapena n'chochepa. Ine ndimayeza makapu anayi a mgaiwa, kapu imodzi ya chimera cha mawere. Vundikirani, ligone, m'mawa muliwiritsenso. Kuwiritsa kwachiwiriku kumaimitsa ntchito yonse kuti thobwa lisathamangire ku mowa. Koma pothira chimera musadikirenso mpaka phala lizizire kwenikweni, chifukwa lidzasasa lisanatsekemere.

Za chimera chapamsika, china n'chabwino, china n'chogonera chaka, china anasakanizamo ufa wamba kuti chichuluke. Musanagule, tapani pang'ono muike pa lilime. Chabwino chimatsekemera ndipo chimanunkhira. Chikamamveka fumbi kapena chinyontho, chisiyeni. Koma ine ndimakonda kuti muziviika nokha. Tsukani mawere, tayani oyandama, aviikeni usiku umodzi kapena tsiku lathunthu, ndipo madzi musinthe kamodzi. Akhetseni, ayaleni pathumba loyera m'nyumba, muvundikire ndi thumba lina lonyowa kapena masamba a nthochi. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo, n'kumatembenuza kuti pakati pasatenthe. Pakatha masiku atatu kapena anayi timizu toyera tidzakhala titalukanalukana. Musadikire kuti mphukira zibiriwire, chifukwa pamenepo mbewu yadya yokha shuga wanu. Anikani padzuwa mopyapyala mpaka njere ikamatafunidwa izilira kuti khwa. Pamoto ayi, ngakhale kunja kuli mitambo.

Mayi, kwathu tikamasankha chimanga choika m'matumba, chovunda chija timapatula kuti chikhale cha mowa. Agogo ankatero, ndipo amati moto umapha zonse. Mkazi wanga akukana. Akulondola ndani?
Bambo wa ku Mchinji

Akulondola ndi mayi akunyumbako, bambo, ndipo muwathokoze. Ndikudziwa kuti mwambo umenewu uli m'midzi yambiri, ndipo umachokera pa kusafuna kutaya chakudya. Koma chimanga chochita chuku chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu sawopa moto wathu wapamafuwa. Wiritsani tsiku lonse, musasitse, mukunthe, iye amakhalabe momwemo. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akachuluka amapha msanga. Mu 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Choopsa n'chakuti munthu amamwa lero osamva kanthu, ndiye amati palibe vuto. Ndipo kumbukirani kuti mowa usanapse, ana amakhala atamwa kale thobwa la mphika womwewo.

Chimera nachonso chimachita chuku chikamera pamalo ponyowa kwambiri posapita mphepo. Mukaona ubweya wobiriwira, wakuda kapena wachikasu, tayani chonse, osangochotsa pamwamba. Mbewu yam'sitolo yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira, imene yatsala pobzala, isayandikire n'komwe mphika. Kutsuka sikuchotsa mankhwalawo. Kwa inu oviika mapira, pali chinanso. Timizu ndi timphukira ta mapira timakhala ndi poizoni wa mtundu womwe uli m'chinangwa chowawa. Chimera chikauma, chifikiseni m'manja, mupete bwinobwino kuti zonsezo ziuluke, kenako musinje.

Anabanda, ndimafulula masese ogulitsa. Mwezi wa Okutobala mowa wanga umapsa lero, mawa wasasa ngati viniga, makasitomala n'kuthawa. Ndichitenji?
Mayi mnzanu wa ku Nchalo, Chikwawa

Mayi mnzanga, kutentha kwa kuchigwa kwanuko ndikukudziwa, ndipo vuto lanu si la manja anu okha. M'mbiya mumakhala antchito amitundu iwiri. Ena ndi tizilombo tosasitsa, timene timabweretsa kakuwawasa kabwino kaja ka masese ndi kuteteza mowa kuti usaole. Ena ndi yisiti, amene amadya shuga n'kutulutsa ukali ndi thovu. Onsewa amathamanga kukatentha. Ndiye pali gulu lachitatu, losaitanidwa, limene limadikira kuti ukali upezeke, n'kuusandutsa viniga likapeza mpweya wokwanira. Gulu limeneli limakonda kutentha, ziwiya zosatsuka, ndi ntchentche zing'onozing'ono zija zimazungulira pakamwa pa mbiya.

Choncho m'chilimwe musawerenge masiku monga muchitira mu Juni. Muzimvetsera mbiya. Ikamawira mwamphamvu, thovu likukwera ndi kuphulika, mowa ukadali pantchito. Phokoso likayamba kutsika, lawani. Kutsekemera kukangotsala pang'ono, kunthani pompo, ngakhale kuli usiku. Mukadikira kuti mbiya ikhale chete, mwachedwa. Kuwiritsa kumene kumatsatira kusasitsa kukhale kokwanira, osati kongofunditsa pofuna kusunga nkhuni, chifukwa n'kumene kumaimitsa tosasitsa tija. Mbiya muiike pamthunzi, muikwirire theka mumchenga wonyowa, pakamwa mumange nsalu yoyera. Khuntho, zipanda ndi mithiko muzitsuka ndi madzi owira n'kuyanika padzuwa. Ngati mumathira mowa wakale kuti uyambitse watsopano, ukhale wa dzulo umene ukuwirabe, osati wosasa kale.

Ndipo fululani wochepa kawirikawiri. Masese ndi mowa wamoyo, susungika. Ngakhale Chibuku cha kufakitale, chimene chimafululidwa ndi makina, chimakhala masiku owerengeka chabe m'paketi, ndipo paketiyo imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya.

Anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu vuto lawo ndi losiyana: mu Juni ndi Julayi mbiya imagona tulo. Iwo aifunditse matumba, aiike pafupi ndi moto wa kukhitchini, n'kudekha.

Mayi, mnzanga akuti mowa wake umaledzeretsa msanga chifukwa amaponyamo mabatire akale ndi kafeteleza pang'ono. Makasitomala anga akupita kwa iye. Ndiyese?
Mlongo wanu wa ku Ndirande

Musayese, ndipo mnzanuyo mumuuze maso ndi maso kuti akudyetsa anthu poizoni. Batire silionjezera ukali ngakhale dontho. Chimene womwayo amamva, mutu kuzungulira ndi miyendo kulefuka, ndi thupi likulimbana ndi mankhwala oononga impso ndi ubongo. Amene akumwawo ndi amuna a anzanu, ana a anansi anu. Masese abwino amakhala ndi ukali wa maperesenti atatu kapena anayi, pafupifupi ngati mowa wam'botolo, ndipo amakhutitsa. Ukali umenewo umachokera ku chimera chamoyo ndi nthawi yokwanira, basi. Migolo imene munali mafuta, penti kapena mankhwala a mbewu nayonso musafululiremo, ingakhale yotsika mtengo chotani. Munafunsanso kumapeto za katchezedwe ka kachasu. Zimenezo sindiphunzitsa patsamba lino. Ndaona maliro okwanira.

Anabanda, ndili ku Johannesburg ndipo ndalakalaka thobwa, koma mawere sindikuwapeza. Komanso ndine wa Mvano, sindikufuna kuti lisanduke mowa. Nditani?
Mwana wanu wa ku Joni

Mwana wanga, kumeneko simungasowe chimera. Anzathu a Chizulu ndi Chixhosa amafulula umqombothi, umene ndi m'bale wake wa masese, ndipo chimera cha mapira chimagulitsidwa m'masitolo, monga cha King Korn. Onetsetsani kuti mwagula chimera chenicheni, osati ufa wa mowa wosakaniza kale ndi yisiti, umene umapsa usiku umodzi. Cha mapira n'chofooka pang'ono poyerekeza ndi cha mawere, ndiye muonjezere: kapu imodzi pa makapu atatu a ufa. Ufa woyera wa m'mapaketi umagwira ntchito, ngakhale thobwa lake silikhala ndi fungo la mgaiwa. Maonekedwe adzakhala ofiirira, musadabwe.

Za chikumbumtima chanu, khalani ndi mtendere. Thobwa lowiritsidwa kachiwiri n'kumwedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake si mowa. Limayamba kusintha likakhala pofunda masiku awiri kapena atatu: timathovu timakwera tokha, kutsekemera kumachepa, pa lilime pamathethetsa. Muli ndi filiji, ndiye likangozizira liikenimo, ndipo shuga muzithira m'kapu pomwa, osati mumphika monse, chifukwa shugayo ndiye chakudya cha yisiti.

Mukathira m'mabotolo apulasitiki, musadzaze mpaka pakhosi ndipo musatseke kolimba mukasiya panja pa filiji. Mpweya umafufumitsa botolo mpaka kuphulika. Mabotolowo akhale otsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha. Thobwa likalimba n'kufuna kulisungunula, madzi ake akhale owiritsa. Izi ndikuuzanso amayi ogulitsa thobwa m'misika ya kuno kwathu: kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo madzi osawiritsa othira pomaliza, kapena botolo lotola m'njira n'kungotsukuluza, zikhoza kuipitsa thobwa limene linaphikidwa bwinobwino.