Galu wotuluka mafinya: musadikire kuti mapilisi athe

Amayi, ndawerenga zimene mwalembazi. Mwati galu wanu wamkazi wa zaka 8, amene sanatsekedwepo kuti asabereke, anali pa nthawi yofuna amuna mwezi wathawu. Panopa akungomwa madzi osalekeza, chakudya sakuchiyang'ana n'komwe, ndipo kumaliseche kwake kukutuluka mafinya onunkha. Dokotala wa ziweto wati ndi pyometra, matenda odzaza mafinya m'chiberekero, ndipo pakufunika opaleshoni, koma inu mukuopa chifukwa galuyo wakalamba, ndiye mukufunsa ngati maantibayotiki okha sangamuchize. Ine ndikuti bwererani kwa dokotalayo lero lomwe. Ena amene akukuuzani kuti muyambe mwayesa makapisozi kwa sabata akunena ndi mtima wabwino, koma sabata imeneyo ndi yaitali kwambiri pa matendawa.

Chimene chimachitika ndi ichi. Galu akamaliza nthawi yofuna amuna, homoni yotchedwa progesterone imakhala yokwera kwa miyezi pafupifupi iwiri, kaya watenga bere kaya ayi. Homoniyi imakhuthalitsa mkati mwa chiberekero, imatseka khomo lake, komanso imachepetsa mphamvu ya chiberekerocho yofinya ndi kutulutsa zoipa. Mabakiteriya amene analowa khomo lili lotseguka, kawirikawiri a mtundu wa E. coli, amapeza malo ofunda, otsekeka, okhala ndi chakudya. Zimenezi zikabwerezedwa chaka ndi chaka, chiberekero chimafika potopa, n'chifukwa chake matendawa amakonda agalu achikulire ndipo amaonekera pakapita masabata 4 mpaka 8 chithere nthawi ija. Ludzu mukulionalo si la kutentha ayi. Ndi poizoni wa mabakiteriyawo amene akusokoneza impso, galu n'kumakodza kwambiri, n'kumamwanso kwambiri.

Mwa njira ina muli ndi mwayi kuti mafinyawo akutuluka, chifukwa ndi amene akuchenjezani. Pali mtundu wina umene khomo limatsekeratu, kunja osaoneka kanthu, mimba n'kumangofufuma. Chiberekero cha galu wathanzi chimakhala ndi nthambi ziwiri zowonda ngati pensulo, koma zikadzaza mafinya zimatupa mpaka kudzaza m'mimba, ndipo zikhoza kuphulika. Zikatero mafinya amamwazika m'mimba monse ndipo kupulumutsa galu kumavuta kwambiri. Khomo limene lero latseguka likhozanso kutsekeka mawa, ndiye mukaona mafinya asiya musaganize kuti wachira.

Maantibayotiki amathandiza, ndipo adzam'patsa ndithu, koma paokha safika bwino mkati mwa thumba lodzaza mafinya, ndipo sachotsa homoni imene yayambitsa zonsezi. Ilipo njira ya jakisoni wochititsa chiberekero kufinya, koma madokotala amaisungira agalu aang'ono oweta kuti abereke, amene sanafooke, ndipo matenda amabwereranso kawirikawiri galu akafikanso pa nthawi yake. Wa zaka 8 amene wasiya kudya sali m'gulu limenelo.

Za mantha anuwo ndikuzimvetsa. Ukalamba wokha suletsa opaleshoni. Chimene chimaopsa ndi kugoneka galu amene watha madzi m'thupi, impso zili zofooka. N'chifukwa chake dokotala wosamala sathamangira mpeni. Amayamba wayeza magazi kuti aone impso ndi kuchuluka kwa magazi, amaunika mimba ndi sikani ngati ilipo, kenako amaika dripi ndi kuyamba mankhwala kwa maola angapo. Akatero m'pamene amagoneka galuyo, kumulowetsa paipi yopumira kukhosi, kumeta ubweya wa pamimba ndi kutsuka. Amang'amba pakati pa mimba kuyambira cha pamchombo kutsika, n'kutulutsa chiberekero pang'onopang'ono kuti chisabooke, kumanga mitsempha ya magazi, n'kuchotsa chiberekero pamodzi ndi timatumba ta mazira tonse tiwiri. Timatumbato sitiyenera kutsalako ngakhale kachidutswa, chifukwa n'kumene homoni ija imachokera, ndipo kakatsala matenda akhoza kudzayambiranso pa kachitsa ka chiberekero. Ndi opaleshoni yomweyo yotseka galu, kungoti ino ndi yovutirapo ndipo bala limakhala lalitali. Agalu ambiri amene afika msanga amachira bwino, ena mpaka kudabwitsa eni ake mmene amayambira kudya pakangopita masiku ochepa.

Mukapita, afunseni zinthu izi: ndani aziyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima nthawi ya opaleshoni, galuyo agona komweko kapena ayi, ndipo usiku zikavuta muimbire ndani. Musam'patse chakudya musanamve kwa iwo.

Ntchito yanu yeniyeni iyamba akabwera kunyumba. Bala limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti ligwirane, ndipo ulusi wakunja, ngati ulipo, amachotsa nthawi imeneyo. Masiku onsewo asathamange, asadumphe, asasambe, ndipo kokakodza azipita pa chingwe. Chikolala chapulasitiki chija amaveka m'khosi chisavulidwe, ngakhale azikuyang'anani momvetsa chisoni ndi kumagunda nacho zitseko. Galu amatha kumasula ulusi ndi mano pa mphindi zochepa, inu mutangotembenuka. Yang'anani balalo m'mawa ndi madzulo. Kufiira pang'ono si vuto, koma likatupa kwambiri, likamatuluka madzi kapena likayasama, kapena galu akamasanza, nkhama zake n'kuyera, musadikire tsiku limene anakupatsani.

Ndipo chonde, mankhwala a ululu a anthu ayi. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo impso za wanuyu zavutika kale. Paracetamol amapha mphaka. Gwiritsani ntchito okhawo amene dokotala wapereka, ndipo maantibayotiki amalize onse.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi amphaka: matendawa amawagwiranso, ngakhale si kwambiri ngati agalu, koma mphaka amadzinyambita n'kufufuta mafinya onse, ndiye chimene mungaone ndi kuwonda, kufooka ndi mimba yotupa basi. Ndipo jakisoni kapena mapilisi a mahomoni oletsa nthawi yofuna amuna amawonjezera chiopsezo cha pyometra, kwa agalu ndi amphaka omwe. Amayi, ngati wanuyu anabayidwapo jakisoni wotero, mukamuuze dokotala asanayambe.