Ndalama inapezeka, nanga pepani ali kuti?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Amuna anga anasiya kalekale kupita kutchalitchi, Lamulungu amangogona kapena kupita kwa anzawo. Ine ndayesetsa: usiku uliwonse timawerenga Baibulo ndi ana, ndipo kukwaya sindijomba. Koma mwana wanga woyamba, wazaka 15, wayamba kukana kupemphera. Akuti adzakhala ngati bambo ake. Zinayamba chaka chatha nditamukwapula pomuganizira kuti waba ndalama ya chopereka. Inadzapezeka m'chikwama changa china, koma nkhaniyo inatha. Ndiwauze bwanji bambo akewa kuti akuwononga mwana?

Mayi wosweka mtima

Mayi,

Za amuna anu sindichulukitsa mawu. Makalata a abambo ogona Lamulungu ndili nawo mulu, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Komatu bambo osapemphera sikuti ndiye mapeto a chikhulupiriro cha mwana. Machitidwe 16:1 akutiuza kuti bambo ake a Timoteo anali Mgiriki, koma Paulo pa 2 Timoteo 1:5 akuyamika chikhulupiriro chopanda chinyengo chomwe chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike.

Ine ndaima pa mawu anu awiri aja: "nkhaniyo inatha". Inatha kwa ndani? Inu nomwe mwalemba kuti zonsezi zinayamba nthawi imeneyo, kenako mwalumpha ngati mukulumpha chithaphwi, n'kukaloza chala amuna anu.

Tabwererani ku tsiku lija. Mnyamata waima, matumba a kabudula atuluka kunja, akulumbira kuti sanatenge, ang'ono ake akusuzumira pakhomo. Mwamutcha wakuba, ndipo wakuba ndalama ya Mulungu. Patapita masiku mwatsegula zipi ya chikwama china, ndalama ija ili phee. Munatani? Kalata yanu sikunena kuti munamuitana. Ndikuganiza kuti munaiika mu envulopu, Lamulungu n'kukaponya m'mbale, iye ali pambali panu akuona. Pamenepotu Mateyu 5:23-24 akunena kuti ukakumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako paguwa, kayambe wayanjana naye. M'bale wanu pa nkhaniyi ndi mwana amene munabereka.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikukangana nacho ndi makolo anzanga kwa zaka zambiri, ndipo sindisintha maganizo. Kholo lachikhristu limene silinanenepo "pepa mwana wanga, ndinakulakwira" silinayambe n'komwe kuphunzitsa za kulapa. Timakonda Miyambo 22:6, timakonda kunena kuti m'mera m'poyamba, chifukwa pamenepo wowongoledwa ndi mwana, ife ndife owongola. Koma Akolose 3:21, yochenjeza kuti tisapute ana athu kuopa kuti angataye mtima, timaidutsa ngati ya anthu ena. Usiku uliwonse mwanayu amakumvani mukupempha Mulungu kuti akukhululukireni zochimwa zanu, osatchula n'chimodzi chomwe. Iye akudziwapo chimodzi, tsiku lake ndi zipsera zake. Mukuganiza kuti akatsinzina amamva chiyani? Ena amati ukapepesa mwana akukwera pamutu. Ine sindinaonepo mwana wonyoza mayi ake chifukwa chovomera kulakwa. Amene ndawaona ndi akuluakulu a imvi omwe amasimbabe, mawu akunjenjemera, za chikwapu chimene analandira asanalakwe.

Ndipo taonani chifukwa chake akusankha bambo ake. Sikuti wawerengera n'kupeza kuti kulibe Mulungu ayi. M'maso mwake bamboyo sadzionetsa ngati woyera, ndiye palibe chimene angawagwire nacho.

Chitani izi sabata ino. Muitaneni, ndipo ang'ono ake akhalepo, poti manyazi aja anawalandira pamaso pawo. Nenani kuti ndalama inapezeka m'chikwama chanu, kuti sanabe, kuti munalakwa kumumenya ndiponso munalakwa kukhala chete. Musawonjezepo "koma nawenso". Musatsekere ndi vesi, kapena kumufunsa ngati Lamulungu apita. Mwina angoyang'ana pansi n'kutuluka osayankha; musamutsatire. Za bambo ake mudzandilembere ikatha miyezi itatu.

Azakhali